Kodi laputopu ndiziisiya pa magetsi nthawi zonse kapena ndiziichotsa batire likadzaza?

Naphiri_Mufakose analemba kuti:

Moni nonse a pa bwalo lino, akuluakulu ndi anzanga omwe. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa mtendere chigulire laputopu ina mwezi wathawu, ndipo ndikupempha amene amazidziwa bwino zinthuzi kuti andiunikire mwachifatse.

Ine ndimakhala ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, ndipo ntchito ndimagwirira pakhomo. Ndimalemba mabuku a ndalama a amayi angapo amene amagulitsa ku msika wa Mbare Musika, komanso ndimataipa makalata ndi malipoti a mpingo wathu. Laputopu yanga yoyamba ndinakhala nayo zaka zitatu. Chaka choyamba inkatha maola anayi popanda magetsi, koma pofika chaka chachitatu inkazima mphindi khumi zisanakwane ndikangozula chingwe. Tsiku lina magetsi anathima ndili pakati posunga fayilo, makinawo anazima pomwepo, ndipo fayiloyo sinatsegukenso. Anali mawerengero a mayi wina amene ankafuna kukapempha ngongole mawa lake, moti usiku wonse ndinakhala ndikukopera za m'kope lake pa pepala, kandulo ali pambali. Sindikufuna kuti zimenezi zidzandichitikirenso.

Tsopano ndagula Lenovo ThinkPad yogwirapo kale ntchito, ndipo batire lake lili m'kati, silichotseka ngati lija la makina akale. Vuto langa ndi loti aliyense akundiuza zake. Mlamu wanga akuti likangofika pa 100 peresenti ndizizula tchaja chifukwa batire limapsa likapitirira muyeso. Mwana wa achemwali anga, amene ali pa sukulu ya ukachenjede, akuti ndiziisiya pa magetsi usana ndi usiku chifukwa makina a masiku ano amadziwa okha zochita. Amene anandigulitsa anandiuza kuti ndizidikira batire lithereretu ndisanayambe kutchaja, ati likazolowera kudzazidwa lili ndi moto limaiwala kukula kwake.

Kuwonjezera apo, nonse mukudziwa m'mene magetsi amakhalira kuno ku Harare. Pali masabata amene sathima n'komwe, ndiye laputopu imakhala pa tebulo ili pa chingwe tsiku lonse. Palinso masabata amene amabwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuchoka m'bandakucha, ndiye ndimatchaja ndili mtulo, masana n'kumagwira ntchito mpaka batire litatha. Kodi pa malangizo atatuwa oona ndi ati, nanga munthu wokhala m'dera longa lathuli achite zotani kuti batire limuthere zaka zingapo?

Chisale_Wokonza analemba kuti:

Zikomo mayi Naphiri chifukwa cha funso lanu, ndipo pepani ndi zimene zinakuonekerani usiku umene uja. Ine ndimakonza malaputopu m'kashopu kena m'tauni, chapafupi ndi pokwerera makombi pa Copacabana, ndipo funso limeneli ndimalimva pafupifupi tsiku lililonse. Ndiyankha motsatira anthu atatu amene mwawatchulawo, chifukwa aliyense wagwira kachidutswa kake ka nkhaniyi.

Ndiyambe ndi amene anakugulitsaniyo, chifukwa langizo lake ndi limene lingakuwonongereni batire msanga kuposa ena onse. Zoti batire limaiwala kukula kwake zinali zoona pa mabatire akale a nickel-cadmium, amene ankapezeka m'zipangizo zonyamula m'manja kalelo. Laputopu yanu ili ndi batire la lithium-ion, mtundu umene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, ndipo amene anaupanga kukhala wotheka, a John Goodenough, a Stanley Whittingham ndi a Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Batire la mtundu umenewu siliiwala kanthu. Chimene limadana nacho n'kutheratu. Mukamalifikitsa pa ziro kawirikawiri, ndipo makamaka mukalisiya lili lopanda moto kwa masabata, mphamvu ya m'timaselo take, tizigawo ta m'kati tosunga moto, imatsika kupitirira malire, ndipo nthawi zina kachipangizo koteteza kamene kali m'batiremo kamakana kulandiranso moto mpaka kalekale. Mabatire ambiri amene amafika pa tebulo langa atafa sanafe ndi ukalamba, anafa chifukwa anaiwalika m'kabati ali opanda moto.

Alamu anu nawo akuopa chinthu chimene sichichitika. Batire likadzaza, laputopu imaleka yokha kulipatsa moto, n'kuyamba kudya magetsi ochokera ku tchaja mwachindunji, batire lili chikhalire. Makina ambiri sayambanso kutchaja mpaka litatsika kufika cha pa 95 peresenti. Choncho palibe kusefukira kumene kumachitika, ndipo kudzuka pakati pa usiku kuti mukazule chingwe n'kudzivutitsa chabe. Komanso kuzula tchaja nthawi iliyonse likadzaza, n'kugwiritsa ntchito batire magetsi alipo, kuli ndi mtengo wake, chifukwa batire lililonse lili ndi maulendo owerengeka. Ulendo umodzi umakwana pamene mwagwiritsa ntchito moto wokwana 100 peresenti, kaya pa tsiku limodzi kaya theka lero theka mawa. Mabatire ambiri a malaputopu amayamba kuonetsa kufooka akadutsa maulendo 300 mpaka 500, pomwe Apple imanena kuti a MacBook a masiku ano anapangidwa kuti afike maulendo 1,000 akusungabe pafupifupi 80 peresenti ya mphamvu yawo. Ife a kuno, amene kuthima kwa magetsi kumatidyera kale maulendo ambiri, sitiyenera kuwononga ena pa masiku amene magetsi alipo.

Mwana wa achemwali anu ndiye wayandikira kwambiri, koma pali mbali imene sanaitchule, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Ngakhale batire silisefukira, kukhala lodzaza thothotho kwa masabata ndi miyezi kumalikalambitsa. Kaselo kalikonse ka lithium-ion kakadzaza kamakhala pa ma volt pafupifupi 4.2, ena kuposerapo pang'ono, pomwe kakakhala pakatikati kamakhala cha pa 3.7. Pa mphamvu yapamwambayo, mankhwala a m'kati amadyana pang'onopang'ono ndipo lithium wina amamangika moti sagwiranso ntchito, ndipo kukatentha kudyanako kumafulumira. Ganizirani chubu cha njinga chimene mwachipopa mpaka kulimba gwa, n'kuisiya njingayo padzuwa tsiku ndi tsiku. Sichiphulika lero, koma mphira wake sukhalitsa ngati wa chubu chimene chinasiyidwa ndi mpata pang'ono pamthunzi.

Pa chifukwa chimenechi opanga makina anaikamo njira yoletsa batire kudzaza mpaka pakamwa. Inu muli ndi mwayi chifukwa ThinkPad imalola kusankha malire anu. Tsegulani pulogalamu ya Lenovo Vantage, pitani pa gawo la batire, ndipo muone pamene pakunena za charge threshold. Pamenepo muuze makinawo kuti aziyamba kutchaja likatsika pa 75 ndipo azisiya likafika pa 80 peresenti. Amene ali ndi Lenovo IdeaPad apeza Conservation Mode m'pulogalamu yomweyo. A ASUS ali ndi MyASUS, mmene pa makina ena amasankha pakati pa 100, 80 ndi 60 peresenti. A Dell asankhe Primarily AC Use mu BIOS (tsamba la zosintha limene mumalowamo poyatsa makina, Windows isanatseguke) kapena mu Dell Power Manager, ndipo a HP za m'maofesi, monga EliteBook ndi ProBook, akadina F10 poyatsa apeza Battery Health Manager. MacBook ili ndi Optimized Battery Charging kuyambira pa macOS Big Sur ya 2020, imene imaphunzira nthawi zanu n'kumaimika batire pa 80 mpaka itaona kuti mwatsala pang'ono kulifuna.

Mwachidule, mayi, magetsi akakhalapo musazule tchaja, koma ikani malire a 80 peresenti, ndipo musalole batire kutsika pansi pa 20 ngati mungathe kupewa.

Mphunzitsi_Highfield analemba kuti:

A Chisale, mwafotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma ndiloleni ndisiyane nanu pa mfundo imodzi, chifukwa ndikuona kuti langizo la 80 peresenti linalembedwa ndi anthu amene kwawo magetsi sathima. Mayi Naphiri anena momveka kuti pali masabata amene magetsi amabwera usiku okha. Pa masabata oterowo, kuika malire a 80 ndiye kuti mwadzilanda nokha gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yanu yogwira ntchito. Ngati batire limatha maola asanu, mwataya ola lathunthu tsiku lililonse, ndipo ola limenelo likhoza kukhala lomwe likanamalizitsa mabuku a kasitomala. Choipa china n'choti munthu woyambira pa 80 amafika msanga pansi, ndiye poti ntchito sinathe amapitirizabe mpaka makina atazima okha, chimene mwanena nokha kuti ndi choopsa kuposa zonse.

Tisaiwale kumene tikukhala. Magetsi athu ambiri amachokera ku Kariba South, kumene makina ake angathe kupanga ma megawatt 1,050 madzi akakhala okwanira, ndi ku Hwange kumene amawotcha malasha. Mu 2019, chilala chitatsitsa madzi a mu Kariba, madera ambiri a Harare ankakhala mumdima mpaka maola 18 pa tsiku. Mu Novembala 2022 madzi anatsikanso moti bungwe loyang'anira damu la Kariba, la Zambezi River Authority, linalamula kuti kupanga magetsi ku Kariba South kuimitsidwe, ndipo tonse tikukumbukira Disembala wa chaka chimenecho. Makina awiri atsopano a ku Hwange, a nambala 7 ndi 8, anawonjezera ma megawatt 600 mu 2023 ndipo zinthu zinapepukirako, koma chilala cha 2024 chinatikumbutsa kuti Zambezi akachepa, nafenso timachepekedwa. Ndikunena izi kuti tione kuti moyo wathu uli ndi nyengo ziwiri, ndipo batire silingasamalidwe mofanana pa nyengo zonse ziwirizo.

Ine ndimachita chonchi. Sabata imene magetsi akuthima masana, malire ndimawachotsa ndipo ndimatchaja mpaka 100. Magetsi akabwera 10 koloko usiku, pofika pakati pa usiku batire limakhala litadzaza, ndipo pofika 6 koloko m'mawa ndayamba kale kuligwiritsa ntchito pokonza maphunziro a ana. Ndiye kuti lakhala lodzaza kwa maola ochepa okha, usiku kukuzizira, ndipo sindikhulupirira kuti zimenezo zingafanane ndi kukhala lodzaza mwezi wathunthu pa tebulo. Ndikaona kuti padutsa masiku atatu kapena anayi magetsi osathima, malire aja ndimawabwezeretsa. Kusintha kumeneku sikutenga mphindi imodzi.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi kudya moto mosamala masana. Kuwala kwa sikirini ndimakutsitsa kufika pamene maso akuonabe bwino, chifukwa ndi kumene kumadya moto wambiri pa ntchito yolemba ngati yathuyi. Wi-Fi ndi Bluetooth ndimazimitsa ngati sindikuzifuna, ndipo ana a m'nyumba muno ndinawaletsa kutchajira mafoni awo pa laputopu masana, popeza foni imodzi yopanda moto imatha kumwa gawo lalikulu ndithu la batire. Likafika pa 20 ndimasunga ntchito, ndimazimitsa, ndipo zotsalazo ndimalemba pamanja. Mayi Naphiri, pa ntchito yanu ya mawerengero ndikukupemphaninso kuti muzikopera mafayilo anu pa fulashi madzulo alionse, kuti zija za kandulo zisabwerenso ngakhale batire litadzakukhumudwitsani.

Nabanda_Dzivarasekwa analemba kuti:

Achemwali Naphiri, abambo awiriwa akamba za maperesenti, koma ine ndikufuna ndikuuzeni za kutentha, chifukwa ndi kumene kunandiphera laputopu ndikuona ndi maso anga.

Ndinkakonda kugwira ntchito ndili pabedi, laputopu ili pa bulangete, tchaja ili pa khoma. Nyumba yathu ndi ya malata opanda siling'i, ndipo mukudziwa m'mene Okutobala amatenthera mvula isanagwe, ngakhale Harare ali pamtunda. Fani ya m'kati inkalira ngati chigayo koma sindinkalabadira. Tsiku lina ndinaona kuti kambale kaja timayendetsapo chala kayamba kulimba podina, ndipo patapita masabata awiri kanatukuka mbali imodzi moti ndinkatha kulowetsa chikhadabo pansi pake. Chivundikiro sichinkatsekekanso bwino, ndipo ndikaika makinawo pa tebulo ankagwedera ngati mpando wa mwendo waufupi. Wokonza atatsegula pansi, ndinaona batire litatupa ngati pilo wamng'ono, ndipo pa mazenera a fani panali fumbi ndi ulusi wa bulangete zitaumbana ngati thonje. Anandiuza kuti mpweya umene unatupitsa batirelo umabadwa mankhwala a m'kati akawonongeka, ndipo kuti ndikanalibaya kapena kulipanikiza kuti libwerere, likanatha kuyaka moto umene suzimitsika wamba. Usiku umenewo sindinagone poganiza kuti ndinkalisiya likutchajidwa pa bulangete mwana ali pambali.

Chiyambire pamenepo laputopu yanga imakhala pa thabwa kapena pa tebulo basi, ndipo kumbuyo kwake ndimaika kamtengo kuti mphepo izidutsa pansi. Sindiisiya pafupi ndi zenera lolowa dzuwa, ndiponso sindiisiya m'galimoto yotseka. Apple imalemba poyera kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kungawononge batire kosabwereranso, ndipo chipinda cha malata masana a Okutobala sichivutika kufika pamenepo. Miyezi ya mphepo ndi fumbi, Ogasiti ndi Seputembala, ikadutsa ndimapita nayo kuti akaipukute m'kati. Ndikamaiika m'chikwama ndimaizimitsiratu, chifukwa ikangogonekedwa nthawi zina imadzuka yokha n'kumatentha m'chikwamamo popanda kopumira.

Popeza batire lanu lili m'kati ndipo simungalione, muziyang'ana zizindikiro zimene ndatchulazi. Mukangoona kambale ka chala kakutukuka kapena pansi pakutupa, zimitsani, zulani tchaja, ndipo musaiyatsenso mpaka batire litasinthidwa. Lotupalo musaliponye m'bini ya zinyalala kapena pa moto wa zinyalala kuseri kwa nyumba, lisiyeni kwa wokonza.

Chisale_Wokonza analemba kuti:

Aphunzitsi, ndavomera kudzudzula kwanu ndi mtima wonse. Malire a 80 amapindulitsa makina amene amakhala pa chingwe masiku ambiri, ndipo pa sabata ya mdima njira yanuyo ndi imene ili yanzeru, chifukwa chimene chimawononga ndi kutalika kwa nthawi imene batire lakhala lodzaza, osati kungofika pa 100. Batire tinaligula kuti litigwirire ntchito, ndipo ngakhale titalisamala motani lidzakalamba ndithu.

Mawu anu andikumbutsa mbali imene ndinaisiya, yomwe ndi magetsi enieniwo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene akubwerera, chifukwa mphindi zoyambirira amatha kubwera ndi mphamvu yodumpha kapena kuthimathima kangapo asanakhazikike. Tchaja ya laputopu imalandira ma volt kuyambira 100 mpaka 240, monga zalembedwa pa msana pake, ndiye kutsika pang'ono sikuivuta, koma kudumpha kwadzidzidzi kumatha kuiwotcha, ndipo nthawi zina kumadutsa mpaka kukafika pa bolodi ya makina. Magetsi akathima muzizula pulagi ku khoma, ndipo akabwera mudikire mphindi zingapo musanalumikize. Poti inu mayi Naphiri mumatchaja muli mtulo, gulani kachipangizo koteteza kamene kamachedwetsa magetsi akangobwera, konga kaja timaika pa firiji, n'kulumikiza tchaja kudzera pamenepo. Koma mvula ya ziphaliwali ikayamba, kuyambira Novembala mpaka Malichi, musadalire kachipangizo kalikonse, zulani ku khoma. M'miyezi imeneyi shopu yanga imadzaza ndi matchaja opsa.

Kwa ena amene akuwerenga ndipo ali ndi makina akale a batire lochotseka, ndikudziwa kuti pali chizolowezi cholichotsa n'kumagwiritsa ntchito tchaja yokha kuti batire lisungike. Kuno sindingalimbikitse zimenezo. Batire ndi limene limagwira makina magetsi akathima mwadzidzidzi, ndipo popanda ilo mudzakumana ndi zimene anakumana nazo mayi Naphiri, kapena kuwonongeratu Windows ngati inali pakati podzikonza. Ngati pali batire kapena laputopu imene mukufuna kuisunga kwa miyezi, isiyeni ili ndi moto pafupifupi theka, pamalo ozizira ndi ouma, ndipo muziiwonjezera moto pakapita miyezi ingapo.

Pa nkhani ya tchaja, gwiritsani ntchito yoyenerana ndi makina anu. Yang'anani ma volt ndi ma watt olembedwa pa tchaja imene inabwera nawo, monga 20 V ndi 65 W pa ThinkPad zambiri, ndipo ikawonongeka mugule yofanana nayo. Matchaja achinyengo amadziwika ndi kupepuka kwawo m'manja ndi kutentha kwambiri, ndipo ena amachititsa kambale ka chala kunjenjemera kokha mukalumikiza. Tchaja yochepa mphamvu imachititsa makina kumatapa ku batire ngakhale ali pa chingwe. Amene mumagwiritsa ntchito jenereta, idikireni ikhazikike kaye musanalumikize laputopu, ndipo muzule musanaizimitse kapena mafuta asanathe. Amene muli ndi sola, inveta ya pure sine wave ndi imene imakomera matchaja, pomwe zotchipa zija za modified sine wave zimawaliritsa ndi kuwatenthetsa.

Pomaliza mayi, yezani batire lanulo kuti mudziwe pamene mwayambira. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, lembani powercfg /batteryreport, ndipo Windows ikuuzani pamene yaika fayilo ya lipoti. Mukaitsegula muone manambala awiri, Design Capacity, imene ndi mphamvu imene batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene ndi mphamvu imene likutha kusunga lero.

Naphiri_Mufakose analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse, bambo Chisale, aphunzitsi ndi achemwali Nabanda. Ndachita zimene munanena. Lipoti likuonetsa kuti batire linabadwa ndi pafupifupi 45,000 mWh (muyeso wa moto umene batire lingasunge) ndipo tsopano likusunga pafupifupi 41,000, ndipo maulendo ake sanafike 150. Malire ndawapeza mu Lenovo Vantage ndipo ndaika 75 ndi 80, popeza sabata ino magetsi akhazikika kwathu kuno, koma ndalemba pa kapepala n'kumata pa khoma kuti ndizikumbukira kuwachotsa akayambanso kuthima. Laputopu ndaichotsanso pa kansalu kamene ndinkayala pa tebulo, chifukwa nditaitembenuza ndinaona kuti mazenera ake opumira ali pansi ndipo kansaluko kankawatseka.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Loyamba, kodi manambala amenewa ndi abwino kwa makina ogwirapo kale ntchito? Lachiwiri, amene anandigulitsa uja nditamuuza zimene mwanena, anaumirira kuti kuthetseratu batire kumathandiza kuti liziwerenga bwino. Kodi pali choona chilichonse m'mawu akewo?

Chisale_Wokonza analemba kuti:

Mayi Naphiri, manambala anuwo ndi abwino. Mukagawa 41,000 ndi 45,000 mupeza kuti batire likusungabe pafupifupi 91 peresenti ya mphamvu yake, ndipo kwa makina amene anagwirapo ntchito kwina zimenezo n'zosangalatsa. Lembani nambalayo ndi tsiku la lero m'kope lanu, ndipo mudzayezenso pakatha miyezi itatu kapena inayi. Kutsika pang'onopang'ono n'kwachibadwa. Nambalayo ikadzatsika pansi pa 80 peresenti mudzayamba kuona kusiyana pa maola, ndipo ikadzayandikira 60 ndi nthawi yoyamba kusunga ndalama ya latsopano. Ngakhale batirelo lili m'kati, pa ThinkPad limasinthika mosavuta, wokonza amangomasula zomangira za pansi n'kuzula kachingwe kamodzi.

Pa funso lachiwiri, wogulitsayo ali ndi kachoona pang'ono, koma wasakaniza zinthu ziwiri. Nambala ya peresenti imene mumaona pa sikirini ndi kuyerekeza kumene kamachita kachipangizo ka m'batire, ndipo kakakhala nthawi yaitali kosaona batire litadzaza kapena litatsika kwambiri, kamayamba kuphonya. Mudzadziwa kuti kasokera mukadzaona makina akuzima pomwe akuti kwatsala 25 peresenti, kapena nambala ikudumpha kuchoka pa 40 kufika pa 10 m'kanthawi kochepa. Zikatero mumachotsa malire, mumatchaja mpaka 100, mumagwiritsa ntchito mpaka litatsala pang'ono kutha, kenako mumatchajanso mpaka 100 osadukiza. Mu Lenovo Vantage ya ThinkPad muli batani la Battery Gauge Reset limene limachita zonsezi lokha, koma limatenga maola angapo ndipo limafuna kuti tchaja ikhale yolumikizidwa mpaka kumapeto, choncho musankhe tsiku limene magetsi akhazikika. Zimenezi zimakonza kawerengedwe kokha, siziwonjezera mphamvu ya batire ngakhale pang'ono, ndipo sizifunika kuchitika kawirikawiri. Kwa inu amene masabata a mdima amakukakamizani kale kuyenda kuchoka pa 100 kufika pa 20, n'kutheka kuti simudzafunika kudina batanilo chaka chino.

Mu Windows muikenso kuti batire likafika pa 10 peresenti makina azilowa mu Hibernate, chifukwa njira imeneyo imasunga pa disiki zonse zimene zinali zotsegula isanazimitse makina. Muzipeza mu Control Panel, pa Power Options, pansi pa Advanced settings, pamene palembedwa Critical battery level ndi Critical battery action. Mukadzabwera m'tauni ndi makinawo pambuyo pa fumbi la Seputembala, wokonza aliyense wodalirika angakupukutireni fani mukudikira.